Laputopu ikuvuta, achinyamata akuchepa: tigulitse soya?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mlongo wina wa kumapiri a ku Dedza, cha kumalire ndi Mozambique. Wapempha kuti dzina lake ndi la mpingo wake zisatchulidwe. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Zikomo a mlangizi. Ine ndine mlembi wa achinyamata pampingo pathu. Chaka chatha achimwene a membala wathu wina anatitumizira laputopu yakale kuchokera ku Joni. Poyamba tinasangalala, koma pano yasanduka mtolo. Batire silisunga moto, kwathu kulibe magetsi, ndiye ndimapalasa nayo njinga kukatchaja ku trading. Mwezi watha nditapita kukapulintitsa lipoti la ku sesoni, fulashi inabwerako yopanda kanthu. Mayina a mamembala ndi ndondomeko ya chaka, zonse zapita. Chinanso, achinyamata akuchepa. Pa mayina oposa 60 amene tinalemba, obwera sakwana 20. Anzanga akuti tigulitse soya wa m'munda wa gulu, tigule laputopu ina ndi sipika tizionetsa mafilimu achikhristu, mwina anthu abwerera. Kodi titero? Nanga inuyo mumatha bwanji?"

Mlongo wanga, tiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Mafayilo anu aja mwina sanapite kulikonse. Fulashiyo musaipange fomati, kumene ndi kufufutiratu zonse zili m'menemo, ngakhale mnyamata wa pashopu alumbire kuti mankhwala ake ndi omwewo.

Vayirasi yofala m'makompyuta a m'mashopu opulinta ndi owotcha nyimbo nthawi zambiri siifufuta zinthu. Imangozibisa, n'kuika m'malo mwake timafayilo tonamizira tokhala ndi kamuvi pakona, tija amati shortcut. Mukadina kamodzi mwa timeneti, mwailowetsa nokha mu laputopu yanu. Kuti mudziwe ngati ndi imeneyi, lowetsani fulashi, dinani batani la kumanja la mausi pa dzina lake, musankhe Properties. Ikaonetsa kuti malo ena ndi odzaza pomwe inu simukuona kanthu, katundu wanu ali momwemo. Kenako onani chilembo chimene kompyuta yaipatsa fulashiyo, tinene kuti ndi E. Pamalo ofufuzira lembani cmd, mutsegule kawindo kakuda kaja, mulembe mzere uwu ndendende, osaiwala mipata yake:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Dinani Enter, mudikire kufikira kamalize. Mukabwerera ku fulashi mudzapeza mafoda anu atatulukira, nthawi zina ali mkati mwa foda yopanda dzina. Koperani zolemba zanu zokha, timashortcut tija mutisiye, kenako muunike laputopu yonse ndi Defender, pulogalamu yoteteza kompyuta yomwe imabwera kale mu Windows. Apo ndiye mukhoza kuipanga fomati fulashiyo.

Kuyambira lero fulashi yanu isalowenso m'kompyuta ya pashopu. Chikalata chikatha, chisungeni ngati PDF, muchitumize pa WhatsApp ya mwini shopu, iye apulinte kuchokera kumeneko. PDF ili ndi ubwino winanso: mizere siisokonekera. Ndani sanaonepo pulogalamu ya Sande ya achinyamata imene kunyumba inali ya tsamba limodzi, koma pashopu yatuluka masamba awiri, dzina la abusa lili lokhalokha patsamba lachiwiri, ndipo walipira onse awiri? Mukapeza netiweki yabwino, dzitumizireninso nokha chikalatacho pa imelo. Sizidya bandulo yambiri.

Koma kaundula weniweni wa gulu asakhale mu laputopu. Gulani buku la hadikava, lija la chikuto chakuda, mujambule mizere ndi rula. Dzina, mudzi, amene akumulera, kalasi imene ali kusukulu, ngati anabatizidwa kapena akadali m'kalasi ya ubatizo. Ndalama zikhale ndi buku lakelake kwa msungichuma. Pakapita miyezi ingapo muzijambula masambawo ndi foni. Bukuli silifuna moto, ndipo mkulu wa mpingo amene sanagwirepo kompyuta akhoza kulitsegula n'kufunsa mafunso. Zimenezo zimakutetezani inuyo mlembi tsiku limene wina adzayambe kunong'ona za ndalama.

Za laputopuyo ndinene mosabisa. Makina amene akutivutitsawa anapangidwira munthu wokhala ndi soketi pakhoma ndi intaneti yosawerengera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi, ndipo kumudziko nyumba zokhala ndi magetsi sizinkafika ngakhale 5 pa 100. Ndiye kupalasa njinga kwanuko si umbuli kapena tsoka lanu nokha. Kasola kaja ka mababu atatu ndi potchajira foni sikangathe laputopu. Foni imamwa mavoti 5, laputopu zambiri zimafuna cha m'ma 19, ndipo tchaja yake imakoka mawati 45 kapena 65. Kuti muitchajire kunyumba pafunika panelo ya sola yokulirapo, batire ndi inveta yosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa pasoketi, ndipo zitatuzi pamodzi zikhoza kudya ndalama yofanana ndi ya laputopu ina. Walira mvula walira matope. Batire la mkati likatupa moti kiyibodi yayamba kutukuka, lichotseni msanga, ndi loopsa. Musaiike pamphasa kapena pabulangete pogwira ntchito, chifukwa timabowo topumira tili pansi, ndipo fumbi la mu Okutobala likadzaza m'fani imatentha n'kuzima yokha muli pakati pa chiganizo.

China chimene chimaliza anthu ndi bandulo. Mwalumikiza laputopu ku foni kuti mutumize kalata imodzi, mphindi zochepa uthenga wabwera kuti bandulo yatha. Ndi Windows imeneyo, ikudzikokera ma update mwakachetechete. Pitani pa Settings, pa Wi-Fi ya foni yanuyo, muyatse pamene alemba kuti metered connection, kuti ichepetse kudzikokerako. Dziwaninso kuti Windows 7 anasiya kuisamalira mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho laputopu zakale zambiri zimene abale athu amatitumizira n'zosatetezeka mokwanira. Zikhoza kulembabe makalata bwinobwino, koma musamalowetsemo fulashi ya aliyense wobwera kudzapempha nyimbo za kwaya.

Mwafunsa kuti ine ndimatha bwanji. Zambiri ndimalembera pafoni. Pali kachingwe kotchipa kotchedwa OTG kolumikizira kiyibodi wamba ya USB ku foni ya Android, ndipo mafoni ambiri amakalola. Ndi WPS Office kapena Google Docs mumalemba lipoti lonse, n'kulisandutsa PDF pomwepo. Foni ndiye imakhuta ndi kasola kaja. Laputopu ndimaitsegula pa ntchito zikuluzikulu zokha, monga ndondomeko ya chaka. Mizere yofiira imene Word imadula pansi pa liwu lililonse la Chichewa ndinangoizimitsa, chifukwa imachititsa munthu kudziona ngati walephera mayeso.

Tsopano za soya. Yankho langa ndi lakuti ayi, musagulitse kuti mugule laputopu ina. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo ndalama ya munda wa achinyamata ingakupezereni laputopu yotopa ngati yomwe muli nayoyo. Koma chifukwa changa chachikulu si mtengo. Filimu imadzazadi tchalitchi, ndaonapo. Kutsogolo kumadzaza ana a Sande Sukulu, kumbuyo agogo, pamawindo anyamata ongosuzumira. Sabata yotsatira, pa phunziro la Baibulo, mumapezanso anthu anu 20 omwe aja. Ndipo pa nkhani ya zoonetsa simungapikisane ndi video show ya pa trading, imene ili ndi jenereta, sikirini yaikulu ndi mpira wa ku England Loweruka ndi Lamlungu masana.

Anthu oposa 40 amene sakubwerawo sanathawe chifukwa chosowa sipika. Simunandiuze kuti munawerenga mwezi uti, ndipo zimenezo n'zofunika kwambiri. Gulu la achinyamata la kumudzi limapuma ndi nyengo. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala aliyense ali kumunda. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, mnyamata amene wadzukira ganyu yopalira kuti kunyumba agone atadya sangabwere kudzayeserera kwaya madzulo. Ikafika nthawi yokolola ndi chimodzimodzi. A Sitandade 8 ndi a Folomu 4 amasowa mayeso akayandikira, ndipo amachita bwino kusowako. Kwanu ku Dedza kuli madimba a kachewere, kabichi ndi tomato m'chilimwe, kuthirira m'mawa ndi madzulo, komanso masiku a msika ngati wa pa Chimbiya amene anyamata a kabaza sangawaphonye. Ndondomeko yokopera kumpingo wa m'tauni, yokhala ndi zochitika zofanana mwezi uliwonse, imakugwetsani mphwayi pachabe. Zazikulu monga misasa, maulendo a kwaya ndi mpikisano wa mavesi muziike anthu atakolola ndiponso pa tchuthi chachikulu cha sukulu. M'miyezi ya dzinja kumanani mwachidule mapemphero a Lamlungu akangotha, anthu asanabalalike, osawauza kuti apite kwawo abwerenso 3 koloko. Mtsikana amene wayenda ola lathunthu akafika kunyumba kuli mtondo, madzi ndi nkhuni, sabwereranso.

Mafayilo aja akatuluka, chitani ichi musanaitanitse msonkhano wa soya. Khalani pansi ndi wapampando ndi msungichuma, muwerenge mayina limodzi ndi limodzi, pa dzina lililonse mufunsane kuti kodi ameneyu ali kuti. Mudzadabwa. Ena ali ku sekondale yogonera komweko ndipo akupemphera ku SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, amenewo sanatayike, amangofuna kuwalandira bwino pa tchuthi. Ena anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito zapakhomo, ena anaolokera ku Angonia kukasaka ganyu, ena ali ku Joni. Ena analowa m'banja ndipo akudziona kuti akula. Mudzatsala ndi kagulu ka anthu amene ali m'mudzi momwemo, mumakumana nawo pamjigo, koma kutchalitchi anasiya. Ntchito yanu ili pa amenewa, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chake.

Wina alibe nsapato kapena yunifomu ya kwaya, akuchita manyazi. Wina anasemphana mawu ndi wotsogolera nyimbo. Wina zoti tsiku lokumana linasintha sanamve, chifukwa munalengeza pa gulu la WhatsApp pomwe iye foni alibe, kapena ndi ya mabatani. Ili ndi vuto limene makompyuta ndi mafoni abweretsa m'magulu athu popanda ife kuzindikira: a mafoni akuluakulu asanduka komiti, enawo amangomva zitatha. Chilengezo chilichonse chiziwerengedwa m'tchalitchi ndi kumilaga, WhatsApp izingokumbutsa.

Pali anyamata amene analowa gule. Kudera lanu zimenezi si zachilendo, ndipo malamulo a mpingo pa nkhaniyi mukuwadziwa, si ine wowasintha. Chimene ndingapemphe n'chakuti musamawalalikire monyoza paguwa kapena kuwatchula mayina achipongwe. Ndi ana a malume anu, mudzakumana nawo pamaliro. Moni asathe.

Ndipo pali mtsikana amene anatenga mimba. Pafupifupi gulu lililonse lili naye, ndipo kawirikawiri dzina lake limangodulidwa mzere mwakachetechete, pomwe mnyamata wake nthawi zina akuimbabe besi m'kwaya. Izi zimandiwawa. Chilango cha mpingo ndi nkhani ya sesoni, koma palibe lamulo loletsa anzake kukamuona. Pitani, koma mutengane ndi mayi mmodzi wa Chigwirizano amene makolo ake amamulemekeza. Muwakumbutse kuti kuyambira 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndiponso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Inu a ku Dedza nkhaniyi simukuimvera patali, poti Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka dziko lonse ndi kunja komwe chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Mtsikana ameneyo akadzabwera tsiku lina ndi mwana kumsana n'kukhala pabenchi lakumbuyo, wina asunthe akakhale naye.

Nanga soya? Ngati mungathe kumusunga pouma, musathamangire mavenda nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi. Mukagulitsa, patulani kaye mbewu ya chaka chamawa. Yotsalayo ndikanakhala ine ndikanagula Mabaibulo angapo a Buku Lopatulika ndi mabuku a nyimbo okhala a gulu, chifukwa ndaona magulu amene anthu asanu amasuzumira Baibulo limodzi. Ndikanagulanso mpira wa miyendo ndi wa manja. Musaseke. Mnyamata amene sangalowe m'tchalitchi amabwera pabwalo, ndipo pemphero lalifupi masewero asanayambe salithawa. Ina ndikanasunga ya thiransipoti, kuti pa ulendo wa kwaya asatsale munthu chifukwa chosowa ya galimoto. Pakatsala kanthu, kachingwe ka OTG ndi kiyibodi. Ndalamayo isakhale pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi popanda kulembedwa m'buku ndi kusainidwa ndi anthu awiri.

Laputopu yomwe ilipoyo mulembe m'maminitsi kuti ndi ya gulu, imasungidwa ndi mlembi, ndipo pasiwedi yake akuidziwa anthu awiri. Zipangizo zambiri za achinyamata zimatha pa ukwati kapena pa kusamuka kwa amene ankazisunga, popanda woba, kungoti palibe analemba kuti n'zayani.

Lipoti la ku sesoni lija musalichedwetse podikira kompyuta. Lembani pamanja, pa pepala la fulusikapu, mwaukhondo, musaine inu ndi wapampando. Akulu a mpingo akhala akulandira malipoti otere kuyambira kalekale. Mzere wa attrib uja ukakana, jambulani zimene kawindo kakudako kalemba munditumizire, tidzaonere limodzi.