Tikaime pati ndi ana aang'ono pa ulendo wautali wa m'chilimwe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukonzekera ulendo wa pagalimoto m'chilimwe chino, maola pafupifupi 9 pamsewu. Ali ndi ana atatu: wazaka 5, wazaka ziwiri ndi khanda la miyezi inayi. Analemba kuti: "Ndasankha malo otchuka asanu ndi limodzi amene ali m'njiramo kuti ana akaone. Bambo awo akuti tikamaima paliponse tikafika usiku. Kodi malo abwino oimapo ndi ana ndi otani, ndipo tiime kangati?"

Mayi, zikomo polemba. Musandikwiyire, koma pa nkhani ya malo asanu ndi limodziwo ndili kumbali ya bambo. Fufutanipo asanu, mutsale ndi amodzi. Komabe bambowo asasangalale msanga, chifukwa kuima muima kangapo ndithu, mwina kuposa mmene iwo akufunira.

Mwana wazaka ziwiri sadziwa kuti malo akutiakuti ndi otchuka. Chimene thupi lake likudziwa n'chakuti lamangidwa ndi malamba kwa maola awiri ndipo miyendo ikufuna kuthamanga. Ife tinaphunzira zimenezi mochedwa. Chaka china tinapatuka pamsewu waukulu kwa mphindi 40 kuti ana akaone mathithi. Titafika, wamkulu anawayang'ana kamodzi n'kufunsa kumene kuli chimbudzi, wamng'ono anakhala pansi n'kumatola timiyala pamalo oimika magalimoto, ndipo analira kwambiri titamuchotsapo. Mpaka lero akamakumbukira ulendowo amatchula timiyalato. Za mathithi, zii.

Choncho posankha poima, ine ndimayang'ana zinthu zitatu basi: mthunzi, chimbudzi, ndi bwalo loti mwana n'kuthamanga popanda inu kukuwa kuti "galimoto!" mphindi iliyonse. Zina zonse ndi zowonjezera.

Pa funso la kangati, pali manambala awiri othandiza. Malamulo a pamsewu a ku Britain, otchedwa Highway Code, amalangiza woyendetsa kupuma mphindi zosachepera 15 akayendetsa maola awiri. Ameneyo ndi munthu wamkulu. Za ana, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka 5 asamangidwe malo amodzi kupitirira ola limodzi panthawi imodzi, komanso kuti wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 azipeza mphindi 180 patsiku zoyenda, kuthamanga ndi kusewera. Pa ulendo simungaime ola lililonse, ndikudziwa. Koma manambalawa akukuuzani chifukwa chimene mwana wofatsa amasandukira chilombo pa ola lachitatu. Si mwano ayi. Inu muli ndi khanda, ndiye musadutse maola awiri. Khosi la khanda silinakhwime, ndipo likakhalitsa chokhala mumpando wake mutu umatha kugwera kutsogolo n'kulepheretsa kupuma bwino. Mukaima, litulutseni, ligone chagada pansalu yoyala pamthunzi, litambasule msana. Munthu wamkulu mmodzi akhale kumbuyo n'kumaliyang'ana pamene mukuyenda.

Werengani bwino tsopano: maola 9 oyendetsa, kuima kanayi, ndiye kuti ulendo wa maola 11 kapena 12. Ndikanakhala ine ndikanaugawa masiku awiri n'kugona panjira. Ngati sizingatheke, nyamukani m'bandakucha ana akadali m'tulo, kuti gawo lalikulu mulimalize dzuwa lisanafike paliwombo.

Malo amene ndimawakonda kuposa onse ndi bwalo la masewera la m'tauni yaing'ono iliyonse imene msewu ukudutsa. Kawirikawiri silolipiritsa, lili ndi mitengo, ndipo katungwe mmodzi amachita ntchito imene chidole chilichonse cha m'galimoto sichingachite. Lembani mawu oti playground pa Google Maps usiku woti mawa mukunyamuka, osati muli kale pamsewu mwana akulira, ndipo yang'anani zithunzi kuti muone ngati pali mpanda ndi mthunzi. Chimodzi chokha: musanamukweze mwana pachotsetserekapo, chigwireni ndi kuseri kwa dzanja lanu. Chachitsulo chimene chakhala padzuwa chimawotcha khungu la mwana m'masekondi ochepa, ndipo chapulasitiki chakuda kapena labala woyala pansi nazonso zimatentha modabwitsa. Nsapato asavule.

Malo achiwiri anthu ambiri sawaganizira: laibulale. Masana dzuwa likamaswa mtengo, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo pamene limawotcha kwambiri, mumafuna denga. Malaibulale ambiri ali ndi ngodya ya ana, chimbudzi chaukhondo ndi pokhala poti n'kuyamwitsirapo modekha. Wazaka 5 uja akhoza kutha theka la ola akutsegula mabuku, ndipo palibe amene akukugulitsani kanthu. Onani kaye maola amene amatsegula, makamaka Lamlungu.

Malo omwetsera mafuta ndi malo akuluakulu opumirako m'mbali mwa msewu ndi abwino pa chimbudzi ndi kusintha thewera, koma musawawerengere ngati kupuma kwa mwana. Paja pali magalimoto obwerera m'mbuyo, ndipo mwana wazaka ziwiri ndi wamfupi moti woyendetsa sangamuone. Pamenepo lamulo lathu ndi limodzi: kutsika ndi kugwirana dzanja. Ngati kumapeto kwake kuli kapinga, tengani mpira kapena thovu loulutsa, mumupatse mphindi khumi zothamanga. Thovu loulutsali, pondiona ine, n'lofunika kuposa theka la zinthu zimene timadzaza m'buti.

Tsopano malo amodzi aakulu aja. Pamndandanda wa malo umene munatumiza ndaonapo famu yoonetsa ziweto ndi gombe la nyanja, ndipo onse awiri ana amawakonda zedi, koma onse ali ndi ntchito yake.

Kufamu ana amagwira mbuzi, nkhosa ndi ana a ng'ombe, kenako dzanja lomwelo limapita kukamwa. Ziweto zooneka zathanzi zimatha kukhala ndi tizilombo monga E. coli O157 ndi Cryptosporidium, ndipo matenda a E. coli ameneyu amatha kuwononga impso za mwana wamng'ono. Sanitayiza yekha sakwanira pa tizilombo tina totere. Pamafunika sopo ndi madzi oyenda akangochoka paziweto, asanadye chilichonse. Botolo la mkaka ndi kanyamulo ka khanda zisalowe kukhola.

Kugombe nako, walira mvula walira matope. Mudzabwerako ndi mchenga m'mipando ndi ana onyowa, ndiye zovala zosinthira zikhale m'chikwama chapafupi, osati pansi pa masutikesi. Chachikulu koma n'chakuti mwana wamng'ono amatha kumira m'madzi ofika m'kakolo, ndipo samakuwa kapena kuphiriphitha monga timaganizira. Amangolowa mwakachetechete. Ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 ali m'gulu la amene amamira kwambiri padziko lonse. Ndi ana atatu ndi akuluakulu awiri, gawanani momveka: uyu ali ndi khanda pamthunzi, uyu ali m'madzi pamtunda woti atatambasula dzanja n'kumugwira wazaka ziwiri uja. Foni ikhale m'chikwama. Ana awiriwo muwapake mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (nambala yosonyeza mphamvu yake, yolembedwa pabotolo), n'kubwerezanso pakatha maola awiri kapena akatuluka m'madzi. Khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa n'komwe, ndipo silifunika madzi akumwa. Mungoliyamwitsa pafupipafupi.

Mukandifunsa kuti pa awiriwa ndingasankhe pati, ndinganene kuti famu, m'mawa kusanatenthe. Gombe lisungeni tsiku limene simukuthamangira kwina.

Chakudya chidyedwe poima, osati galimoto ikuyenda. Chifukwa si zinyenyeswa. Mwana akatsamwa ali kumbuyo atamangidwa malamba, inu muli pa liwiro, simungamufikire msanga, ndipo kutsamwa kwenikweni sikuchita phokoso. Mphesa muzidule m'litali, mtedza wathunthu ndi maswiti olimba musamupatse wosakwana zaka 5. Chakudya chophika kapena cha mkaka chisakhale kunja kwa chikwama choziziritsa kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha.

Wazaka 5 uja mumuyang'anire pa nseru, chifukwa imavuta kwambiri ana azaka zapakati pa 2 ndi 12. Imabwera maso akamauza ubongo kuti takhala phee, pomwe mkati mwa khutu mukumva kuti tikuyenda. Ndiye kuonera zinthu pa tabuleti kapena kuwerenga buku kumawonjezera vutolo. Akayamba kuyasamula, kutuwa nkhope ndi kutuluka thukuta lozizira, musadikire malo amene munakonza. Imani pamalo otetezeka oyamba, atsike, aponde pansi, apume mpweya. Mukapitiriza, aziyang'ana kutali kutsogolo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindichita nacho nthabwala. Mudzafika poima, khanda lili m'tulo tokoma, ndipo mtima udzakuuzani kuti mulisiye mphindi zisanu zokha pamene mukuperekeza enawo kuchimbudzi. Musatero. Mkati mwa galimoto yoima padzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 11 m'mphindi 10 zokha, kutsegula mawindo pang'ono sikusintha zambiri, ndipo thupi la mwana limatentha msanga katatu mpaka kasanu kuposa la wamkulu. Ku America kokha ana pafupifupi 37 amafa motere chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo sanasiyidwe dala. Makolo otopa anangoiwala, aliyense akuganiza kuti mwana ali ndi mnzake. Ife timawerenga mitu mokweza potsika ndi pokwera, ndipo chikwama changa chimakhala kumbuyo pamiyendo ya wamng'ono kuti ndizikakamizika kutsegula chitseko chakumbuyo. Pobwerera m'galimoto gwiraninso chitsulo cha lamba musanamumange mwana. Thaulo loyala pampando wake pamene mwatsika limathandiza.

Nanga mwana akagona nthawi yoima itakwana? Ngati ndi ana okulirapo awiriwo amene agona, woyendetsa ali bwino, ndipo khanda silinakwanitse maola ake awiri, dutsani bwalo la masewera lija osayang'ana m'mbuyo. N'chifukwa chake ndimalemba malo awiri pa gawo lililonse la ulendo, otalikirana mphindi 30 kapena 40, kuti oyamba akaphonyeka achiwiri akhale pafupi. Bambo apatseni ntchito yofufuza malo amenewo pamapu, popeza iwo ndi amene akuwerenga maola.