Mabuku a Ken Follett: yambirani apa

Achimwene, poti mwafunsa kuti muyambe ndi buku liti la Ken Follett, yambani ndi The Pillars of the Earth ya 1989, zinazo mudzaziona pambuyo. Ndi buku lonenepa zedi koma limakoka, nkhani yake ndi yomanga tchalitchi chachikulu ku England m'zaka za m'ma 1100, nthawi imene Stephen ndi Maud ankalimbirana ufumu, ine ndinkangoti chaputala chimodzi basi kenako ndagona mochedwa.

Mkuluyu anabadwira ku Cardiff, ku Wales, mu 1949, makolo ake anali opemphera kwambiri moti TV ndi kanema zinali zoletsedwa pakhomo, ndiye anangokakamira mabuku. Anayamba ngati mtolankhani wa nyuzipepala ya South Wales Echo, ndipo chomwe chinamutchukitsa ndi buku la ukazitape, Eye of the Needle, mu 1978.

Ngati mukufuna za ku Wales kwenikweni tengani Fall of Giants ya 2010, imayamba ndi mnyamata akulowa mumgodi wa malasha. Kwa ine sinafikepo pa Pillars.

Koma poti mwati n'za asayimenti, funsani lekichala wanu wa history musanalembe, chifukwa tauni ya Kingsbridge, komwe amamangako tchalitchi mu Pillars muja, ndi yopeka, anthu ambiri a m'nkhanimo chimodzimodzi.