Polima yomweyo, koma mu chloroform signal ya CD kulibe. Chachitika n'chani?

Mnyamata wina wa ku MUBAS, ife akale timangoti ku Poly, wandilembera imelo. Akuti ma notes awo akunena kuti polythiophene, polima (molecule yaitali ngati unyolo) yokhala ndi tinthambi ta chiral, ikasungunuka mu chloroform siionetsa signal ya CD (circular dichroism, muyeso wa mmene chinthu chimayamwira kuwala kozungulira), koma ukangothiramo methanol signal imatulukira yamphamvu. Funso lake: molecule ndi yomweyo, ndiye chasintha n'chani?

Achimwene, molecule sinasinthe ayi, chasintha ndi kagonedwe kake.

Mawu oti chiral amachokera ku Chigiriki, cheir, kutanthauza dzanja. Lamanja ndi lamanzere ndi ofanana ngati pagalasi koma sangalowane m'malo, amene anagulapo nsapato ziwiri zakumanzere pa kaunjika kuli kachisisira akundimvetsa. Pasteur mu 1848 anasankha pamanja ma crystal a mchere wa tartaric acid, atawasungunula m'madzi gulu lina linkapotoza kuwala kwa polarised (komwe mafunde ake alunjika mbali imodzi) kumanja, lina kumanzere. Shuga wa mu tiyi naye amatero, amapotozera kumanja, muyeso wa kapotozedwe kake, specific rotation, ndi +66.5, n'chifukwa chake m'mafakitale a shuga amayeza madzi a nzimbe ndi polarimeter, chida choyezera kupotoza kumeneku, iwo amangoti pol.

Tsopano polima yanuyo. Msana wake ma bond amasinthana, single, double, single, double, ndiye ma electron amamwazikana pamsana ponsepo, ndipo msanawo ndi umene umayamwa kuwala kooneka ndi maso n'kupereka mtundu. Ndi banja lomweli la polyacetylene imene Heeger, MacDiarmid ndi Shirakawa anaithira iodine mu 1977 n'kuyamba kudutsitsa magetsi, mpaka Nobel ya 2000. Koma onani apa, carbon ya chiral ija sili pamsana, ili ku kanthambi, ndipo kanthambiko sikayamwa kuwala kooneka. CD imayeza kusiyana kwa mmene chinthu chikuyamwira kuwala kozungulira kumanzere ndi kozungulira kumanja, ndiye pa wavelength ya msana palibe chomwe mungaone pokhapokha msanawo utapotoka kapena utasanjana ndi inzake mopotoka.

Mu chloroform unyolo uliwonse uli pawokha, ukungopindika uku ndi uko mmene ukufunira, zopindikira kumanja ndi zakumanzere zimafafanizana, mukapeza ziro. Methanol polimayi siimufuna olo pang'ono, ndiye maunyolo amathawira kwa anzawo n'kuyamba kusanjikizana, apa ndi pomwe tinthambi tija timagwira ntchito, timaletsa unyolo kugona ndendende pamwamba pa unzake, uliwonse umapendekera pang'ono ndipo onse mbali imodzi. Ine ndimaganiza za agogo akupota chingwe cha khonje pantchafu, ulusi umodzi ulibe mbali, koma dzanja likamakankhira komweko nthawi zonse chingwe chonse chimatuluka chopotokera kumodzi. Maunyolo akayandikana chonchi ma transition awo (kudumpha kwa ma electron akayamwa kuwala) amakokana, n'chifukwa chake signal imabwera pawiri, theka plus theka minus, kudutsa pa ziro cha pomwe absorption yakwera kwambiri. M'mabuku amati exciton coupling, pa mayeso mulembe mawu amenewo.

Mwina mukuti nanga zonsezi n'zantchito yanji. Sikirini ya OLED ya mafoni ambiri imakhala ndi sefa ya kuwala, circular polariser, yoti musamadzione nkhope padzuwa, koma imadya pafupifupi theka la kuwala komwe foniyo yapanga, batire ikungothera pamenepo, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kuno ku Blantyre batire si nkhani yosewera. Polima yotulutsa kuwala kozungulira kale mbali imodzi ingathe kudutsa osatayika chotero. Gulu la wasayansi Meijer ku Eindhoven, ku Netherlands, linaonetsa kuwala kotereku kuchokera ku polima ina ya chiral yotchedwa PPV mu 1997, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa zedi.

Mukafuna kutsimikiza kuti nkhani ndi kagonedwe, tenthetsani solution yothira methanol ija, maunyolo amasiyana ndipo signal imazimiririka, ikazizira imabwereranso. Ndipo mu 1995 Bouman ndi Meijer anapeza kuti filimu ya polythiophene ya chiral ukaitenthetsa n'kuiziziritsa mwachangu, signal yake imatembenuka, pomwe panali plus pamakhala minus, tinthambi tili tomwe tija.