Kodi umbava umayenda m'magazi? Yankho kwa mayi wa ku Chatoloma

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kuno ku Kasungu, cha ku Chatoloma. Andilola kuwayankha pano bola ndisatchule dzina. Akulera mwana wa malemu achemwali awo, mnyamata wa zaka 14. Bambo a mwanayu analowapo kundende kawiri pa milandu yothyola nyumba, ndipo mwanayo sanakule nawo. Tsopano mnyamata wayamba kuba. Anayamba ndi ndalama zomanga pa chitenje, kenako nkhuku, mwezi watha foni ya munthu tsiku la msika. Mayiwa analemba kuti: "Ndam'menya mpaka dzanja latopa. Ena akuti mwana wa njoka ndi njoka, ena akuti analodzedwa. Kodi n'zoona kuti kuba kumayenda m'magazi? Ndingom'taya?"

Mayi, musam'taye. Ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake, osati kungokutonthozani.

Tiyambe ndi magaziwo, poti ndiwo akukusowetsani tulo. Funso lanuli anthu ofufuza analiyesa mwanzeru ku Denmark. Anatenga mbiri ya ana oposa 14,000 amene analeredwa ndi anthu osakhala achibale awo, n'kuona kuti amene anadzapezeka olakwa kukhoti ndi ati. Zotsatira zake anazisindikiza Sarnoff Mednick ndi anzake mu 1984. Pa anyamata amene makolo owabereka komanso owalera analibe mlandu, pafupifupi 14 pa 100 anadzapalamula. Pa anyamata amene kholo lowabereka linali ndi mlandu koma owalera analibe, anali 20 pa 100. Pomwe onse, owabereka ndi owalera, anali ndi milandu, chiwerengero chinafika pafupifupi 25.

Ndiye inde, china chake chimatsika kuchokera kwa kholo, sindikunamizani. Koma werengani manambalawo kachiwiri. Pa anyamata 100 obadwa kwa kholo lopalamula n'kuleredwa kwina, 80 sanapezeke ndi mlandu. Mwana wa njoka amene anthu akukuuzaniyo, pa khumi aliwonse asanu ndi atatu sanalume munthu.

Chimene mwana amatengera si kuba. Palibe gene (kachidutswa ka malangizo a m'thupi kamene mwana amatengera kwa makolo) ya kuthyola nyumba. Amatengera mtima wapachala, kusapirira, kukonda zoopsa, kapena kusachita mantha msanga. Zomwezo zikagwera m'manja abwino zimatulutsa wamalonda wolimba mtima kapena goloboyi wosaopa phazi. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, ofufuza akhala akutsatira anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali ana. Mu 2002 Avshalom Caspi ndi Terrie Moffitt, pofufuza anthu omwewa, anaonetsa kuti anyamata okhala ndi mtundu wina wa gene yotchedwa MAOA ankadzakhala ankhanza kwambiri ngati anazunzidwa ali ana. Anzawo a gene yomweyo amene sanazunzidwe anakula ngati wina aliyense. Ofufuza ena obwereza ntchitoyi apeza kuti mphamvu ya gene imodziyi njochepa kuposa mmene inkaonekera poyamba, koma phunziro lake likadalipo: mbewu ndi nthaka zimayendera limodzi. Ife alimi a fodya ndi mtedza sitifunika kuuzidwa zimenezi.

Funso limene ndikanakufunsani tikanakhala pakhonde ndi ili: zinayamba liti?

Moffitt yemweyo analongosola mu 1993 kuti ana ovuta ali m'magulu awiri. Gulu lalikulu ndi la amene anali bwinobwino mpaka atatha msinkhu, kenako n'kuyamba kuba, kujomba kusukulu, kusuta, kumenyana. Ambiri mwa amenewa amasiya akamakula, akapeza ntchito kapena banja. Gulu laling'ono, anyamata pafupifupi asanu pa 100, ndi la amene anayamba ali aang'ono zedi: kuluma anzawo ku mkombaphala, kunama kosalekeza, kuzunza ziweto, ndipo khalidwelo limangosintha maonekedwe akamakula. Mwalemba kuti wanuyu "wayamba" kuba. Ngati anali mwana womvera mpaka mayi ake atamwalira, kapena mpaka atayamba kuyenda ndi anyamata a pa siteji, ndiye ali m'gulu loyambalo, ndipo nthawi ili kumbali yanu.

Chifukwa chake chili mu ubongo. Kuseri kwa chipumi kuli mbali yotchedwa prefrontal cortex, imene imagwira ntchito ya mabuleki: kudikira, kuganizira za mawa, kudziletsa. Mbali imeneyi imamaliza kukhwima munthu ali ndi zaka pafupifupi 25. Koma mbali zokhumba zosangalatsa ndi kutamandidwa zimadzuka msanga mwana akangotha msinkhu. Taganizirani njinga ya kabaza yonyamula matumba awiri a chimanga pa mtsetse, mabuleki asanamangidwe bwino. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anapatsa anthu masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta. Achinyamata akakhala okha ankayendetsa mosamala ndithu, koma anzawo akamawaonerera ankachita zoopsa zambiri. Akuluakulu sankasintha kwenikweni. N'chifukwa chake ndikufuna mudziwe kuti foni ija anaiba ali ndi yani, ndipo anakaigulitsa kwa yani. Mwana wa zaka 14 saba foni popanda wamkulu woigula.

Pali china chimene kwathu kuno timachiiwala, ndipo chimandipweteka mtima. Ubongo umavulala. Nkhani yotchuka ndi ya Phineas Gage, kapitawo wa omanga njanji ku Vermont, ku America, amene mu 1848 chitsulo chinamulowa patsaya n'kutulukira pamwamba pa mutu. Anachira, koma dokotala wake analemba kuti munthu waulemu uja anasanduka wotukwana ndi wosaugwira mtima. Ife sitifunika chitsulo. Tili ndi malungo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a mu ubongo, ndipo mu 2010 analengeza kuti ena anadzayamba khunyu, ena kulumala, ena khalidwe losokoneza ndi laukali limene analibe kale. Mwana wotere akafika kumudzi timati watembenuka mtima, kapena timaloza agogo oyandikana nafe kuti am'lodza. Ndiye kumbukirani bwino, mayi. Kodi anakomokapo ndi malungo? Anagwapo mumtengo wa mango kapena pa ngolo n'kumenyetsa mutu? Anabadwa movutikira? Malemu achemwali anu ankamwa ali oyembekezera? Anatupikanapo ndi njala ali wakhanda? Ku Mauritius, kumene Adrian Raine ndi anzake anatsatira ana 1,795 kuyambira ali ndi zaka zitatu, ana operewera zakudya m'thupi pa msinkhu umenewo ankadzakhala aukali ndi osakhazikika kuposa anzawo akamakula. Za ufiti sindikutsutsanani nanu pano. Ndingopempha kuti musanagulitse mbuzi yopita nayo kwa sing'anga, mwanayo aonedwe kaye kuchipatala.

Tsopano za kumenya.

Ndinaphunzitsapo pa sukulu ina ya pulayimale kuno, ndipo ndikukumbukira mnyamata wa Sitandade 6 amene anaba ndalama za mnzake. Mphunzitsi mnzanga anam'kwapula ndi ndodo ya bulugamu pamaso pa kalasi yonse. Mwanayo sanalire. Anangoyang'ana pakhoma, nsagwada zitalimba, zala zikusewera ndi batani la malaya limene linatsala pang'ono kuthothoka. Atatha anafunsa kuti, "Basi?" Ine ndinaima pakhomo osanena kanthu, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti sindinalankhule. Sabata yotsatira anabanso.

Zimene ndinadzawerenga pambuyo pake zinandimasulira tsiku limenelo. Mkati mwa ubongo muli tiziwalo tiwiri totchedwa amygdala, kukula kwake ngati njere ya mtedza wa chalimbana, timene timaliza belu la mantha. Mwa ana ovuta ambiri beluli limalira mopitirira. Ndi ana amene anakulira m'nyumba ya ndewu, amaona mdani paliponse, wina akangowagunda mwangozi akuganiza kuti wawaputa. Mwana wotere ukam'menya ukungom'tsimikizira kuti dziko ndi la ankhonya. Mwa ana ena ochepa beluli limalira motsika kwambiri. Akaona nkhope ya munthu wamantha kapena wolira, ubongo wawo sugwedezeka ngati wa anzawo, ndipo ambiri mtima wawo umagunda pang'onopang'ono ngakhale atangokhala. Amenewa chilango sichiwalowa, chifukwa chilango chimaphunzitsa kudzera m'mantha. Koma mphotho amaimva bwino. Ku Mendota, m'chigawo cha Wisconsin ku America, malo osungira anyamata ovuta kwambiri anasiya kudalira chilango n'kuyamba kuwapatsa timphotho ta tsiku ndi tsiku pa khalidwe labwino, ndipo amene anadutsa kumeneko anabwerera ku milandu yachiwawa mochepa kuposa anzawo osungidwa mwa masiku onse.

Choncho mwana wanu akhale wa mtundu woyamba kapena wachiwiri, ndodo sikugwira. Elizabeth Gershoff ndi mnzake anaphatikiza mu 2016 kafukufuku wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anapeza kuti ana omenyedwa amakhala aukali ndi osamvera kwambiri, osati ochepa. Dzanja lanu latopa chifukwa likugwira ntchito yosabala. Sindikukuimbani mlandu. Tonse tinakula choncho, ndipo inu mwanyamula katundu amene bambo ake anathawa.

Chimene ndikuopa kuposa ndodo ndi mawu aja akuti "watengera bambo ake". Mwana wamasiye amene akufunafuna kuti iye ndi ndani, akamva mawu amenewa tsiku ndi tsiku pa mjigo, kutchalitchi ndi pa mphasa yodyera, amawavala ngati malaya. Aletseni pakhomo panu. Nenani za chimene wachita, foni, nkhuku, osati za chimene iye ali.

Kusam'menya sikutanthauza kum'lekerera. Foni ibwezedwe kapena ilipidwe, ndipo alipire ndi thukuta lake, kaya ndi ganyu wopalira kaya wosoka fodya, inu mutapita naye kwa mwini wake kukapepesa. Malamulo a pakhomo akhale ochepa, odziwika, osasintha malinga ndi mmene mwadzukira: nthawi yofika panyumba, sukulu tsiku lililonse. Akasunga, muuzeni tsiku lomwelo kuti mwaona, ndipo pakhale kenakake, ngakhale kum'lola kukaonera mpira. Ndalama musazisiye poyera. Fufuzani ngati wayamba chamba kapena kachasu, chifukwa nthawi zina kuba pa msinkhu uwu kumakhala kofuna zogulira zimenezi. Ndipo malume ake ali kuti? Mwini mbumba asamangoonekera pa maliro ndi pa ukwati. Mnyamatayu akufunika mwamuna wamkulu womutenga kumunda, ku shedi ya fodya kapena kokonza njinga, wom'patsa ntchito yoti azinyadira.

Pitani ku chipatala cha boma ku Kasungu mukafunse namwino woona za matenda a maganizo, mukafotokoze mbiri yonse, ya malungo, ya mutu, ya imfa ya mayi ake. Chisoni mwa anyamata nthawi zambiri chimatuluka ngati mwano. Pitaninso ku ofesi ya Social Welfare pa boma, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Lamulo la 2010 la Child Care, Protection and Justice Act limalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono asapititsidwe kukhoti koma athandizidwe m'njira zina, monga kubweza ndi kulangizidwa. Ndi bwino a boma amudziwe kudzera mwa inu, asanam'gwire anthu pa msika. Inu ndi ine tikudziwa zimene gulu limachita likangomva kuti "wakuba!", ndipo silifunsa zaka.

Ndilembereninso, mayi, mundiyankhe zinthu zitatu. Anayamba ali ndi zaka zingati? Pakhomo pakakhala wodwala kapena mwana akalira, iye amatani? Ndipo pali munthu kapena chiweto chimene amachikonda, kaya ndi galu, kaya ndi kamng'ono kake? Yankho lachitatulo ndikulidikira kwambiri, chifukwa ndi pamene tidzayambire.