Simfoni ya nambala 40 ya Mozart: ndi yachisoni kapena yachisangalalo?

Mayi wina woyimba kwaya wandilembera pa imelo kuti kanyimbo ka Mozart, wopeka nyimbo wa ku Austria, kamene kankalira m'mafoni akale wamva kuti ndi chiyambi cha simfoni ya nambala 40, nyimbo yaitali yoimbidwa ndi okhestra (gulu lalikulu la oimba ndi zida). Mwana wake akuti nyimboyi ndi yachisoni, pamene iye akaimva amangofuna kugwedeza mutu. Akufunsa kuti akulondola ndani.

Mayi, nonse awiri mwamva zomwe zilimodi, ndipo mkangano wanuwo ndi wakale. Robert Schumann, wopeka nyimbo wa ku Germany, ankamvamo kupepuka ndi kukongola, ena ambiri amamvamo kulira. Ine ndimamvamo mtima wosakhazikika, wa munthu amene nkhawa yamugwira koma sakuima, akungoyendabe mofulumira.

Foni inkakubisirani chinthu chachikulu. Okhestra ikamayamba, nyimbo yodziwika ija siyamba yokha. Amayamba ndi ma viola, omwe ali ngati alto wa kwaya yanu, akunjenjemera pansipansi, kenaka mavayolini ndiye amalowa. Inu odziwa solfa yesani: fa-mi-mi, fa-mi-mi, fa-mi-mi, kenaka kudumphira pa do wam'mwamba. Kuchoka pa fa kufika pa mi ndi kasitepe kakang'ono kwambiri, komveka ngati kuusa moyo, ndipo Mozart akukabwereza katatu asanalole mawu kukwera. Chisoni chimene mwana wanu akumva chili pa kasitepeko. Liwiro limene likukugwedezani mutu lili m'ma viola aja. Pakati pa gawo loyamba la simfoniyi Mozart amatenga kachidutswa komweko n'kukasokeretsa m'makiyi akutali, kuyambira F sharp minor, mpaka khutu kusowa pogwira. Pamenepo ndi pomwe ndimapakonda kwambiri.

Kiyi ya nyimboyi ndi G minor; makiyi a minor kawirikawiri amamveka achisoni, pamene a major amamveka owala. Mwa masimfoni ake a nambala, awiri okha ndiwo ali mu minor, iyi ndi ya nambala 25 ya mu 1773, yonse mu G minor. Mu ya 40 mulibenso malipenga a trumpet kapena ng'oma. Muli chitoliro chimodzi, ma oboe awiri, ma bassoon awiri, ma horn awiri ndi zoimbira za zingwe. Pambuyo pake anawonjezamo ma clarinet awiri, n'chifukwa chake mukamvera magulu osiyana mawu ake samafanana ndendende.

Anthu amakonda kunena kuti inachokera m'mavuto ake. Mavutowo analipodi. Anaimaliza ku Vienna pa 25 Julaye 1788, nthawi imene ankalembera mnzake Michael Puchberg makalata opempha ngongole, ndipo mwana wake wamkazi Theresia anali atamwalira pa 29 Juni ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Koma sindikhulupirira kuti zimenezi zikufotokoza zonse. Simfoni ya 39 anaimaliza pa 26 Juni, ya 41, yomwe anthu anadzaitcha Jupiter, pa 10 Ogasiti, ndipo Jupiter ndi yowala, yodzaza malipenga ndi ng'oma. Munthu yemweyo, masabata omwewo, ngongole zomwezo.

Chonde musalekere pa gawo loyamba, magawo alipo anayi. Lachiwiri, mu E flat major, limapumitsa mtima pang'ono. Lachitatu ndi minuet, gule waulemu wa m'nyumba za mafumu, koma uyu ndi waukali, wopondaponda, moti kumuvina kungavute; pakati pake pokha, mu G major, ndi pomwe kumacha. Lomaliza limayamba ndi mawu othamangira m'mwamba, ndipo chapakati okhestra yonse imaimba pamodzi mzere wodukaduka wokhudza manoti onse a sikelo kupatulapo G, noti ya kiyi yeniyeniyo. Opeka ambiri a nthawi imeneyo akayamba mu minor ankakonda kumalizira mu major kuti omvera apite kwawo mitima ili m'malo. Mozart pano sanatero, anatsekera mu G minor momwemo. Mukakhale pansi ndi mwana wanuyo mumvere mpaka pamenepo, ndi mphindi pafupifupi 30 zokha.