Ayi achimwene, sake si kachasu wa ku Japan

Achimwene ena okhala ku Johannesburg andilembera kuti anaona botolo la sake, mowa wa mpunga wa ku Japan, pamtengo woti n'kugula thumba la mpunga. Akufunsa kuti: kodi ameneyu si kachasu chabe, nanga n'chiyani chikum'kweza mtengo chotere?

Achimwene, kachasu amachita kutcheza, koma sake amafulula monga masese, ndipo ukali wake nthawi zambiri umakhala pa 15 kapena 16 peresenti. Zofunika ndi zinayi basi: mpunga, madzi, yisiti ndi koji. Kojiyu ndi mpunga umene aumeretsa dala chuku chabwino, ndipo amagwira ntchito imene chimera chimagwira kwathu, yosandutsa ufa kukhala shuga.

Ndalama zanu zimayamba kulowa pokonola. Kunja kwa njere ya mpunga kuli mafuta ndi zina zosokoneza kakomedwe, choncho amaipala mpaka kutsala mtima wokha. Sake wapamwamba wotchedwa ginjo amafuna kuti patsale 60 peresenti ya njere kapena kucheperapo, wa daiginjo theka. Sake wina wotchedwa Dassai 23 wa ku Yamaguchi amasiya 23 peresenti yokha! Zochotsedwazo ndi gaga. Mpunganso si wamba: wotchuka ndi Yamada Nishiki wa ku Hyogo, wa njere zikuluzikulu, wovuta kulima chifukwa umatalika n'kumagwa ndi mphepo.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi chipinda cha koji. Mpunga wophikidwa ndi nthunzi amauyala patebulo m'chipinda chamatabwa chofunda madigiri pafupifupi 30, pamene kunja kukuzizira koopsa. Mkulu wa ofulula, amene amamutcha toji, amawaza mbewu ya chuku pang'onopang'ono, kenako anyamata ake amafikisa mpungawo ndi manja n'kuufunditsa nsalu ngati khanda. Kwa masiku awiri amadzuka ngakhale pakati pa usiku kukaugwira, kuununkhiza, kuutembenuza. Akagonereza, mowa wonse wapita. Kale a toji ambiri anali alimi amene ankachoka kumudzi akakolola, n'kukagwira ntchitoyi nyengo yonse yozizira.

Pali ena amene akusungabe njira yakale ya kimoto, monga ofulula a Daishichi a ku Nihonmatsu, m'dera la Fukushima, amene anayamba mu 1752. Amatikita mpunga ndi mitengo m'migolo, n'kudikira pafupifupi milungu inayi kuti chiyambi cha mowa chiwawase chokha, pamene njira yachangu imatenga milungu iwiri. Mowa wake umatuluka wolemera m'kamwa, ndipo umakoma ukafunditsidwa pang'ono. Kwa ine, uku ndiye kufulula. N'chifukwa chake ndinasangalala mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO litaika luso lofulula ndi koji pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, pakuti achinyamata a ku Japan sakumwanso sake ngati makolo awo, ndipo mabanja ambiri ofulula atseka zitseko.

Ndiye mukabwerera kusitoloko, musayambe ndi botolo lodula kwambiri. Funani mawu akuti junmai, kutanthauza kuti sanathiremo mowa wina wotcheza. Onaninso tsiku limene anauika m'botolo, chifukwa sake wambiri safuna kukhalitsa ngati vinyo. Ngati botololo lili pawindo pamene likuwombedwa ndi dzuwa, lisiyeni pomwepo. Mukafika nalo kunyumba, lilowe m'furiji, ndipo mukalitsegula musadutse nalo sabata.