15 uja anandigonetsa pa benchi

Achimwene, zosunga zilolezo zonse za wogwiritsa ntchito sisitimu ngati nambala imodzi mu kolamu imodzi ya integer mu database (imene amati bitmask) mukufunsazo zinandiwotchapo zala ine, moti pamene ndikulemba pano mtima wayambiranso kuthamanga.

Inali sisitimu ya kagulu kena ka ngongole kuno ku Mangochi, ambiri mwa mamembala ake ndi amayi oguula usipa ndi utaka ku Makawa n'kukagulitsa ku Limbe. Zilolezo zinalipo zisanu: kuona 1, kusindikiza malisiti 2, kulemba ngongole 4, kulandira ndalama 8, kuvomereza ngongole 16. Kalaliki ndinamupatsa 15 (1+2+4+8, zonse kupatula kuvomereza), bwana 31 (zonse zisanu). Kupereka chilolezo ndi OR, kuyang'ana ngati munthu ali nacho ndi AND (masamu a bitwise, ochitikira pa ma bit, ma 0 ndi 1 a nambalayo), basi, ndinkadziona ngati katswiri. Koma manambalawo sindinawalembe pamanja. Ndinkangopanga 1 << malo a chinthucho mu enum (mndandanda wa mayina a zilolezo mu code), kutanthauza kuti choyamba chinkapeza 1, chachiwiri 2, chachitatu 4, nambala kudalira malo ake pa mndandandawo.

Ndiye kunabwera mphwake wa wapampando kuchokera ku Blantyre, ati anaphunzira za makompyuta. Anamupatsa code yanga ine osandiuza. Anapeza kuti printer inafa kalekale, malisiti akulemba pamanja, iye n'kuchotsa mzere wa kusindikiza uja mu enum, ati akuyeretsa. Mzere umodzi wokha! Zonse zapansi pake zinakwera malo amodzi. Kulemba kunasanduka 2, kulandira 4, kuvomereza 8. Mu database manambala anakhala momwemo. Tsono taonani 15 uja: 1, 2, 4, 8. Kalaliki aliyense anayamba kulemba ngongole n'kuivomereza yekha. Bwana ndi 31 wawo zonse zinkawayendera, palibe error ngakhale imodzi, ndiye akanadandaula ndani?

Zinaululika Lachisanu lina madzulo, kunja kukutentha monga mukudziwira kuno. Anandiimbira kuti bwerani msanga, osanena chifukwa. Ndinakwera kabaza, kufika ndinapeza komiti yonse yakhala pakhonde, palibe wondipatsa moni. Mayi msungichuma atsegula buku lalikulu lija pamwendo, chala chili pa mzere, akundifunsa kuti aphunzitsi, ngongole zisanu ndi ziwiri izi wavomereza ndani poti bwana anali ku maliro ku Namwera sabata yonse? Magetsi anali atathima, laputopu yatsala 18%, thukuta likudonthera pa kiyibodi. Ndinayang'ana tebulo la ogwiritsa ntchito kanayi konse: 15, 15, 15, 31, ndendende mmene ndinazisiyira. Ndinalumbira pamaso pawo kuti palibe chasintha. Ndinkanena zoona komanso ndinkanama nthawi imodzi. Bambo wina kumbuyoko anangoti, amene anapanga loko ndi amene amadziwa potsegulira. Mawu amenewo mpaka lero amandilasa. Ndinagona pa benchi ya mu ofesimo kudikira magetsi, udzudzu wa mu Shire ukundidya, ndipo cha m'ma 3 koloko ndi pamene ndinafananiza fayilo ya enum ndi imene inali pa flash yanga.

Mnyamatayo nditamuonetsa anangoti code yabwino siyenera kusweka chifukwa cha mzere umodzi. Pepani sananene, amalume ake anamuikira kumbuyo, ndalama yanga ya mwezi umenewo anaidula pakati. Chimandipweteka kwambiri n'choti penapake ankanena zoona.

Ndiye ine ndingati zisiyeni, pangani tebulo lina la user ndi chilolezo, mzere umodzi chilolezo chimodzi. Aliyense amatha kuliwerenga, index yofulumizitsa kufufuza imagwira bwino, ndipo malo amene mukuti mukupulumutsawo pa anthu 200 si kanthu. Ngakhale kunena zoona ine bitmask ndimaigwiritsabe ntchito, sabata yathayi ndasungira masiku a msika mu byte imodzi (ma bit 8), masiku 7 amakwana bwinobwino. Chmod 755 ija, ya zilolezo za mafayilo pa Linux, ndi yomweyi, 4 kuwerenga, 2 kulemba, 1 kuyendetsa, ndipo yakhala zaka zambiri osavuta chifukwa palibe amasuntha manambalawo. Ngati mwalimba mtima, lembani 1, 2, 4, 8 pamanja, [Flags] ngati muli pa C#, IntFlag pa Python. Chilolezo chikatha ntchito musachichotse, nambala yake ikhale manda, musaipatsenso china. Ndipo ngati mbali imene ogwiritsa ntchito amaiona ili pa JavaScript samalani, ma bitwise ake ndi a 32 bits: 1 << 31 imatuluka negative, 1 << 32 imabwerera pa 1. SET ya MySQL, kolamu yosunga zinthu zingapo pamodzi, nayo imathera pa zinthu 64. Mwati zilolezo zanuzo zilipo zingati kodi?